Tsiku Limene Amayi Anatsekula Galaji

Fungo la galaji yathu ndimalikumbuka kuposa fungo la chipinda chimene ndinkagona. Dzuwa likatentha, fungolo linkatulukira pansi pa chitseko chachitsulo: oyilo wakale, utuchi, mikodzo ya makoswe, ndi kafungo kena ka nsalu zokhalitsa mumdima. Ife ana tinkagona chafufumimba pa simenti n'kumasuzumira pa kampata kameneko, koma tinkangoona mwendo umodzi wa mpando wothyoka. Galimoto tinalibe, ndipo sitinakhalepo nayo. Galajiyo anamanga mwini nyumba woyamba, amene ankayendetsa takisi, ndipo atate pogula nyumbayo ku Kalingalinga anagulira kumodzi ndi madontho a oyilo amene takisiyo inasiya. Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, galaji yopanda galimoto imeneyi inatsala pang'ono kuphetsa atate anga.

Atate anali kalipentala. Ankagwira ntchito m'mbali mwa msewu waukulu, pamene anthu a kwathu amayalapo zitseko, mabedi ndi makabati kuti a magalimoto aziona. Anali munthu wosayankhulayankhula, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi ngakhale Lamlungu ku tchalitchi. Chilichonse cha matabwa ankapanga, kupatula chimodzi: bokosi la maliro. Anzawo ankawaseka kuti akukana ntchito imene sisowa makasitomala, koma iwo ankangopukusa mutu n'kupitiriza kupala. Kiyi wa galaji ankayenda naye m'thumba. Chinthu chikathyoka kunyumba, ankachinyamula okha, kulowa nacho, kutuluka, kutseka. Mmenemo munalowa mbaula zobooka, wailesi yakufa, njinga yopanda unyolo, matilesi amene mchimwene wanga anawamaliza ndi mikodzo, ndi zina zimene sindinazionenso. Palibe chinkatulukamo.

Amayi izi zinkawadya mumtima. Iwo ankagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta pa kathebulo kutsogolo kwa nyumba, ndipo anali ataona amayi ena akuweta nkhuku zachizungu m'zipinda zazing'ono n'kugulitsa zonse pa Khirisimasi. Chipinda chonsecho, cha malata abwino, chinkasungira makoswe. Nthawi zonse akaiyamba nkhaniyi, atate ankayankha liwu limodzi lokha, kuti mawa. Amayi ankawombetsa mbale n'kunena kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinali kumbali yawo ndi mtima wonse. Ndinkaona ngati atate ndi munthu woumira, amene sangataye ngakhale msomali wopindika.

Inali nyengo yotentha ija ya Okutobala, pamene mvula imangolonjeza. Fumbi linkalowa m'mano. Pa mpopi wa onse mzere wa zigubu unkayamba m'mawa n'kufika masana, ndipo ife tinkadikira madziwo tikudya mango osapsa ndi mchere mpaka mano kuchita dzanzi. Koma pa mzere umenewo chaka chimenecho sankakamba za madzi. Ankakamba za mwana amene akuti anasowa ku komboni ina, dera lina lothithikana ngati lathu, za anthu amene amalemera ndi magazi a ana a anzawo. Palibe anamuona mwanayo, koma aliyense ankadziwa munthu amene anamva kwa munthu wina. Tinaletsedwa kutola ndalama pamsewu, tinaletsedwa kulandira switi kwa mlendo. Aliyense amene zinthu zinkamuyendera ankayang'anidwa ndi diso la m'mbali. Ndipo atate zinali kuwayendera. Anali atangosintha malata a nyumba, ndipo tinali titagula TV imene ana a nyumba zisanu ankaonerera pawindo.

Loweruka lina atate anasintha buluku n'kupita ku ntchito, kiyi n'kutsala m'thumba la buluku lochapa. Amayi anamupeza akukhuthula matumba pa beseni. Anamuyang'ana, anandiyang'ana, kenaka anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapeza nyama m'ndiwo za masamba. Zochapa zinathera pomwepo. Anavala chitenje chakale, kumanga duku, n'kutuma mchimwene wanga kuti akaitane anyamata awiri a maganyu amene ankakhala pafupi ndi msika. Anati atate akamabwera madzulo apeze ntchito itatha, akakwiye pa chinthu chooneka bwino.

Ku komboni munthu sakonza m'nyumba mobisa. Malo osunthira katundu palibe, choncho zonse zimatulutsidwa pabwalo, ndipo mpanda wathu unali wa maluwa ofika m'chiuno. Chitseko chitangolira, anthu anayamba kubwera. Woyamba anali bana Mulenga, mayi wa ku Copperbelt amene tinayandikana naye nyumba, mnzawo wa amayi wapamtima komanso wailesi ya msewu wathu wonse. Amayi anaika milu itatu: zosunga, zopatsa anthu, ndi zotaya. Koma mulu wa zotaya sunkakula, chifukwa chilichonse chimene chaponyedwapo chinkapeza mwini chisanafike pansi. Wina anatenga mbaula yopanda pansi nati aiwotcherera. Wina anatenga ambulera ya nthiti zokhazokha. Bana Mulenga anakumbatira poto wamkulu wobooka, nalumbira kuti unali wawo kuyambira kale, anangobwereketsa.

Linali tsiku losangalatsa, ndinene zoona. Makoswe ankatuluka pakati pa miyendo ya anthu, ana kuwathamangitsa ndi timitengo, azimayi kukwera pa njerwa akuseka. Fumbi linatidetsa mpaka tonse tinafanana. Ndinapeza kansapato kanga ka ubwana, kamodzi kokha, ndi chidole chopanda mutu chimene ndinkachilirira kale. Matayala akale awiri anagubuduzidwa mpaka pa geti. Pang'ono ndi pang'ono simenti ya m'galaji inayamba kuoneka, ndipo amayi anali atayamba kale kuloza ndi chala pamene adzaike zomwera nkhuku.

Kumapeto kwenikweni, ku khoma, kunali zitseko zitatu zakale zotsamiritsidwa. Anyamata aja atazichotsa, kumbuyo kwake kunali chinthu chokutidwa ndi tenti, chomangidwa ndi mphira za chubu. Anachinyamula mmodzi uku wina uku, nati n'chopepuka. Anachitula pakati pa bwalo, pamaso pa anthu onse. Mphira zija zinali zitafumbwa ndi zaka, moti mmodzi atangozikoka zinaduka zokha, tenti n'kutsetsereka.

Linali bokosi la maliro. Laling'ono, la mwana.

Sindinamvepo msewu wathu uli chete choncho. Bokosilo linali la mtengo wa mukwa, lopakidwa vanishi, lowala ngati kuti lapangidwa dzulo, ndipo pakati pa zinyalala zathu zonse ndi lokhalo limene linali lathunthu. Poto uja anagwa m'manja mwa bana Mulenga n'kugubuduka. Anyamata a maganyu anabwerera m'mbuyo akupukuta manja m'mabuluku, kenaka anathawa osafunsa n'komwe za malipiro. Ine ndinayang'ana amayi kuti andiuze tanthauzo lake, koma nkhope yawo inali ya munthu amene sakudziwa kanthu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa bokosilo.

Mbiri inathamanga kuposa anyamata aja. Posakhalitsa pabwalo panadzaza anthu amene sindinawaonepo, amuna ochokera m'mabala, azimayi a kumsika, ena ataponda maluwa a mpanda. Onse ankafunsa amayi funso limodzi, ndipo amayi ankangobwereza kuti, "Siniziba. Ine siniziba." Bambo wina wa maso ofiira anatenga chitsulo pa mulu wa zotaya n'kukanula chivundikiro. Anthu anadzikokera m'mbuyo, ena atagwira mphuno. Munalibe kanthu. Munali nsalu yoyera yokha, yokhomeredwa bwino m'mbali, itayamba kuchita chikasu.

Ndinaganiza kuti basi, zatha, poti mulibe munthu. Ndinalakwitsa. Bambo uja anatembenukira gulu n'kufunsa, osakweza mawu n'komwe: "Ngati mulibe muntu, manje lilindila mwana wa ndani?"

Pamenepo azimayi anayamba kukoka ana awo. Mnzanga amene ndinadya naye mango m'mawa womwewo anakokedwa dzanja mpaka anagwa, ndipo amayi ake anandiyang'ana ngati ndine njoka. Zonse zimene anthu ankadziwa za atate zinatembenuka pamaso panga. Kusayankhula kwawo kunakhala umboni. Malata atsopano anakhala umboni. Kukana kwawo kupanga mabokosi kunakhala umboni waukulu: munthu wokana kupanga poyera, wapangiranji mobisa? Mwala unaphwanya windo la pabalaza. Kenaka ndinaona anyamata ena awiri akugubuduza limodzi mwa matayala athu aja kuchokera pa geti, ndipo wina akufunsa amene ali ndi petulo. Ndinali ndi zaka khumi, koma ndinkadziwa ntchito ya tayala pa gulu lotere.

Atate anafika akuthamanga. Wina anali atakawauza ku msewu. Sindinawaonepo akuthamanga, ndipo ankathamanga moipa, pensulo ikadali kukhutu. Anthu anawapatsa njira n'kuitseka kumbuyo kwawo. Ataona bokosilo poyera, anaima ngati agundidwa. Sanayang'ane gulu. Anayang'ana amayi, kenaka ine, ndipo anatseka pakamwa. Bambo wa maso ofiira anawagwira malaya pakhosi n'kuwafunsa kuti ndi la yani. Sanayankhe. Mbama inalira. Ina inabwera chakumbuyo, atate n'kugwada m'fumbi, magazi akutuluka pamlomo. Sanayankhebe. Ine ndinkakuwa kuti anene, anene chilichonse, ngakhale bodza. Ndinaona ndi maso anga kuti munthuyu wasankha kumenyedwa kusiyana ndi kuyankhula, ndipo sindinamvetse kuti n'chiyani chingaopse munthu kuposa tayala.

Amayi ndi amene anadutsa pakati pa amunawo. Anagwada patsogolo pa atate, nawagwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Batate bake Taonga, kambani. Bazakupayani aba bantu. Ni la ndani?"

Taonga ndine. Atate anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, nayankha motsitsa, koma aliyense anamva.

"Ni la Taonga."

Ndinamva ngati pansi pachoka. Anthu onse anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinayang'ana bokosi lija, lowala padzuwa, ndi nsalu yake yoyera.

Atate anafotokoza ali chigwadire, mawu akudukaduka. Ndili ndi zaka zitatu ndinadwala kwambiri, matenda amene anandiumitsa khosi, ndipo ndinagona m'chipatala chachikulu osatsekula maso. Izi ndinkazidziwa, chifukwa amayi ankakonda kunena kuti ndine mwana wa mapemphero. Chimene sitinkadziwa n'chakuti tsiku lina dokotala anaitanira atate pambali, nawauza kuti akonzeke, palibenso chimene angachite. Amayi sanauzidwe. Atate anadikira mpaka amayi atatuluka kukachapa nsalu zanga, natulutsa kachingwe m'thumba n'kundiyeza, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anabwerera kunyumba, nadzitsekera m'galaji, napanga bokosilo. Atamaliza anapita kuchipatala, nandipeza nditakhala tsonga pa miyendo ya amayi, ndikulirira banzi.

Tsono akanalichita chiyani? Kuligulitsa kukanakhala kupatsa mwana wa mnzawo imfa imene inandilambalala ine. Kuliotcha ankaopa, poti linali la msinkhu wanga, lopangidwa m'dzina langa. Anati kwawo ku Katete akulu akanaikamo thunthu la nthochi n'kukalikwirira, nkhani n'kutha, koma m'tauni manda amafuna mapepala, ndipo munthu sungayende ndi bokosi pamutu anthu osakufunsa. Kuuza amayi ndiye sakanatha. Choncho analikuta ndi tenti, natsamiritsapo zitseko, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chothyoka m'nyumba mwathu chinkapita kukaliunjikira.

Gulu silinakhulupirire msanga. Bambo uja anati aliyense angapeke nthano. Koma bana Mulenga, amene nthawi yonseyi anali chiimire atagwira pakamwa, anabwera kutsogolo misozi ikutsika. Anati zonse n'zoona, iwo ndi amene ankapititsa chakudya kuchipatala masiku amenewo. Kenaka ananena chimene sanauzepo amayi pa zaka zonsezo. "Bamake Taonga, munikhululukile. Naise tenze tinayamba kusonkha nkhuni za maliro. Tenze tinakambilana na kochosela mipando." Azimayi ena awiri achikulire anagwetsa nkhope pansi, ndipo aliyense anaona kuti nawonso analipo.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osayang'anana. Palibe anapepesa. Tayala linatsala pakati pa msewu mpaka mchimwene wanga anakalichotsa. Amene anatenga ambulera ndi mbaula anazisiya mwakachetechete pa geti.

Amayi sanalire. Anaimirira, nakutumula fumbi pa chitenje, nafunsa funso limodzi lokha. "Munamupima? Ine nili kuchapa, imwe munamupima mwana wanga?" Atate anavomera ndi mutu. Amayi anakatenga hamala pa mulu wa zosunga n'kuwapatsa m'manja. Bokosilo lisanaphwasulidwe ndinapita kukaima pambali pake. Sindikudziwa chimene chinandituma. Ndinkafuna kuona ngati ndingakwanemo, ndipo nditaona kuti sindingakwanemo mtima sunatsike. Atate anazula misomali umodziumodzi, ndipo amayi anaotcha matabwawo kuseri kwa nyumba akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Galaji inatsukidwa, inapakidwa laimu, anapiye anabwera m'makatoni akulira. Windo linakonzedwa. Makasitomala a tomato anabwerera, ena akugula mochuluka kuposa kale chifukwa cha manyazi. Koma m'nyumba mwathu munalowa chete. Amayi ankaika chakudya cha atate pa thebulo n'kuvundikira, osanena kanthu, ndipo zinakhala choncho ngakhale mvula itagwa. Ine ndiye ndinkawathawa. Akalowa pabalaza ndinkatuluka. Akandiyang'ana nthawi yaitali ndinkaganiza kuti akuwerengera kutalika kwanga. Mumtima ndinali nditagamula mlandu: amayi anandipempherera, atate anandipangira bokosi.

Khirisimasi itayandikira, atate anachita zimene ankachita chaka chilichonse. Nsapato zathu ankagula okha ku salaula m'tauni, kumene amagulitsa zovala zovalidwa kale, ndipo popeza kukwera minibasi tonsefe kunali kodula, ankayeza phazi la mwana aliyense ndi kachingwe n'kumanga mfundo. Anayeza mchimwene wanga. Kenaka anagwada patsogolo panga, kachingwe m'manja, nati ndiponde pansi bwino.

Ndinakuwa. Ndinakuwa mpaka nkhuku m'galaji zinabalalika, ndinawaponda dzanja, ndinathawira kuseri kwa amayi. Atate anatsala chigwadire. Anayang'ana kachingweko ngati akukaona koyamba, ndipo nkhope yawo inachita chinthu chimene sichinachitike ngakhale tsiku la mbama lija. Anakapinda pang'onopang'ono n'kukaika m'thumba. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo madzulo amenewo ndinawamva akuwafunsa ngati akufuna madzi osamba. Anali mawu oyamba.

M'mawa mwake atate anandikweza minibasi, ine ndi iwo basi. Tinayenda m'matope a kumsika, ine kutsogolo iwo kumbuyo, ndipo ndinayesa nsapato ndekha, peyala ndi peyala, iwo ataima patali manja kumbuyo. Sanandiyezenso moyo wawo wonse. Ngakhale bedi limene anandipangira nditakwatiwa, anachita kufunsa mwamuna wanga kukula kwa chipinda.

Nkhaniyi sitinaikambenso mpaka ine nditakhala mayi. Mwana wanga woyamba atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, atate, atakalamba tsopano, ankabwera tsiku lililonse n'kukhala pa benchi la panja, chipewa pa bondo. Mwanayo atayamba kupeza bwino ndinakakhala nawo pa benchipo, ndipo funso limene ndinalisunga zaka zonsezo linangotuluka lokha. Ndinawafunsa chifukwa chake sanadikire. Zikanachitika, akanatha kugula bokosi kwa anzawo a kumsewu.

Anatembenuza chipewa chija kangapo asanayankhe. "Yaja yogulisa, mukati sibapala. Misomali imachokela. Sinenze kufuna kuti ikulase."

Ndili mwana ndinkati atate anatopa kundidikira kuti ndichire. Pa benchi lija, fungo la mankhwala lili m'zovala zanga, ndinaona munthu wina: bambo wachinyamata amene anauzidwa yekha, pakhonde la chipatala, kuti palibenso chimene wina aliyense angamuchitire mwana wake, ndipo anapita kunyumba kukachita chokhacho chimene manja ake ankadziwa.